Chitseko Cholira cha a Takhalani

Dzina lawo lenileni ndi ochepa amene amalidziwa. Aliyense amangoti a Takhalani, iwonso amavomera. Ndi bilidala, bambo wamfupi wa mapewa otambalala, zikhatho zokhakhala ngati njerwa yootcha, ndipo levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma sichoka kukhwapa kwawo ngakhale popita kokameta. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, akuponda dothi la njerwa. Kenako anakankha wilibala mpaka msana kupindika, kufikira mmisiri wina atawamvera chisoni n'kuwaphunzitsa kuyala njerwa.

Dzinalo linabwera chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Ukawaitana kuti adzakumangire, sayamba ndi kukumba. Amavundikira ndowa pamalo pamene ukufuna chipindacho n'kunena kuti, "Takhalani kaye apa." Iwe umakhala, iwo n'kukhala panjerwa pambali pako, duu. Pakapita nthawi amayamba mafunso onga a mwana: mphepo yakumenya tsaya liti, wamva fungo lanji, ukadzuka m'mawa umafuna kuyamba kuona chiyani. Ena amaseka. Ena amapsa mtima n'kukatenga bilidala wachangu.

Akazi awo, amene amagulitsa tomato pamsika, ndiwo amakonda kufotokoza chiyambi cha khalidweli.

"Anandimangira nyumba yokongola, mazenera onse kuloza kumsewu kuti odutsa aziona," amatero. "Koma m'katimo munkazizira ngati mumtsuko. Ine ndinkaswera kuseri, nditatsamira khoma. Tsiku lina anabwera kuti adzandikalipire, n'kukhala pambali panga. Dzuwa litawagunda pamsana, mawu onse anathawa. M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi hamala, akuboola khoma."

Make Katsabola anawadziwa a Takhalani chaka chimene apongozi ake aamuna anasiya kuona. Katsabola ndi kamtsikana kake koyamba, kamene panthawiyo kanali kakungophunzira kuyenda, ndipo dzinalo kanalipata chifukwa cha kaliridwe kake. Mwamuna wake ndi dalaivala wa lole, munthu wofika lero mawa wanyamuka. Bambo ake a dalaivalayo, a Telala, anakhala moyo wawo wonse akusoka pakhonde la sitolo, mpaka matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono. Akazi awo anali atatsogola kale, ndipo kunyumba kwawo kunalibe ngakhale wowatungira madzi. Atagwera pambaula n'kupsa mkono, mwana wawo anakawatenga.

Make Katsabola ndi munthu wamanyazi, woti mlendo akamufunsa dzina amayankha akuyang'ana zala zakuphazi. Bambo ake omubereka sanawaone. A Telala ndiwo anamusokera diresi la ukwati, ndipo pomuyesa anamuuza kuti, "Zoti mpongozi ine sindizidziwa. Iwe ndiwe mwana wanga." Mawu amenewo anawasunga. Choncho atafika nkhalambayo, iye anatsimikiza mumtima kuti m'nyumba mwake sadzapunthwa ngakhale kamodzi. Anachotsa mpando umene unali pakati pa chipinda. Anapinda mkeka wa pakhomo. Chitseko cha chipindacho chinkalira, n'kumadzutsa mwana, ndiye anatenga kabotolo ka mafuta a makina m'bokosi la a Telala n'kudonthezera m'mahinjesi mpaka chinati zii. Ankavula masilipasi polowa, n'kumayenda monyang'ama. Katsabola akangoyamba nyimbo yake, ankathamangira naye kuseri kwa nyumba kuti agogo apumule.

Masiku oyamba a Telala ankayesa kuyendayenda. Kenako anasiya. Ankangogona atayang'ana kukhoma, chakudya n'kumangochilawa. Thupi linayamba kutha, kolala ya shati n'kumaoneka ngati ya munthu wina.

"Undibwezere kwathu," anauza mwana wawo. "Kumeneko makoma amandidziwa."

"Mukakhala ndi yani, bambo?"

"Ndi makoswe. Bola iwo amamveka."

Anakangana mpaka dalaivalayo anagonja theka. Anati awamangira chipinda chawochawo kumbali kwa nyumba, ndipo akadzabwera ku ulendo wautali umene unali patsogolo pake, ngati adzakhale akufunabe kupita, adzawaperekeza. Make Katsabola anamva zonsezi ali kukhitchini, manja ali m'madzi a mbale. Anaona m'maganizo mwake mbaula ija, ndi nkhalamba ikupapasa yokha m'nyumba yopanda munthu.

A Takhalani anafika m'mawa wa tsiku la ulendo, lole italizidwa kale.

"Matailosi oyera, zenera lalikulu, penti yowala," anatero dalaivalayo akuloza malo ndi makiyi. "Ndikufuna munthu akalowa azingoti eee!"

"Takhalani kaye apa."

"Madala, ine ndikhala mokwanira pachiwongolero. Khalani ndi mayiwa."

Lole itapita, a Takhalani anafunsa kumene kunali mwini chipinda. Make Katsabola anawalozera, iye n'kupita kukatenga tiyi. Pobwera, osavala kanthu kuphazi monga mwa nthawi zonse, anapeza nkhani ili mkati, ndipo anaima pakhomo kudikira mpata.

"Mwalowera pati, a bilidala? Padenga?"

"Pakhomo, a Telala."

"Pakhomo pano sipalankhula. Nditangofika, chitsekochi chinkalira. Chikalira pang'onopang'ono ndinkadziwa kuti ndi mwana wanga wamkazi uja. Chikalira mwaukali ndinkadziwa kuti ndi mwamuna wake, amene amatsegula chilichonse ngati akuthawa moto. Panali mpando apa, ndikaugunda ndinkadziwa kuti ndafika pakati. Panali mkeka, phazi likaupeza ndiye kuti khomo layandikira. Zonse anachotsa. Kaya akuopa kuti ndiwononga. Mdzukulu wanga naye sindimumva, amamubisa, kaya akuti khungu n'lopatsirana. Ndimangopeza tiyi wazizira pambali panga, osadziwa wabwera liti, ngati wasiyidwa ndi mzukwa. Munthu ukatopetsa, sakuuza ndi pakamwa."

Kapu inayamba kugogoda pasosala m'manja mwa make Katsabola.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine, bambo."

"Mwaonatu, a bilidala? Anali pomwepa."

Anaika tiyiyo pansi n'kuthawira kuseri, kumene ankabisako mwana kuja, ndipo ulendo uno wolira anali iye. A Takhalani sanafulumire. Anabwera akukoka mapazi dala kuti amveke, navundikira ndowa pafupi ndi mtengo wa mandimu.

"Takhalani, amake mwana. Mafuta aja munathira ndinu?"

Anagwedeza mutu. "Ndimati apumule. Ndimati asapunthwe."

"Munachita zaulemu, palibe angakutsutseni. Kungoti munawasesera njira mpaka njirayo inafufutika. Tandibwerekani nsalu yoberekera mwanayo."

Anamumanga nayo kumaso. Poyamba kunali mdima wokhawokha ndi mantha, ndipo anagwira m'mphepete mwa ndowa ngati ali pabwato. Kenako zinthu zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Mpopi unkadontha kumanja. Wailesi ya oyandikana nawo inkamveka patsogolo, chapatali. Malata ankathetheka ndi kutentha. Fungo la masamba a mandimu linadutsa, ndipo dzuwa linali litakhala pabondo lake lamanzere ngati dzanja la munthu.

"Mwamva chiyani?"

Iye amene sankatha kumaliza chiganizo pamaso pa mlendo anayamba kulankhula, mwina chifukwa sankaona nkhope yomuyang'ana. Anati dzuwa limafika pamenepo ana asukulu akamadutsa, ndipo limachoka nthawi yotenthetsa isanakwane. Anati masana mphepo imachokera kugalaja ya kuseri ndi fungo la oyilo wakupsa, choncho mbali imeneyo si yoika zenera. Anati mvula ikamabwera imayamba kumveka pamalata a oyandikana nawo, ndipo munthu amakhala ndi mpata woanula zovala. A Takhalani ankangoti "eya, eya," akulemba pansi ndi msomali.

M'mawa mwake a Takhalani anagogoda kwa a Telala mwamphamvu ngati wapolisi.

"Tadzukani ndikuyeseni. Ine chovala sindidula osayesa mwini wake."

"Chovala chanji?"

"Chipinda n'chovala, achikulire. Kungoti sichichapidwa."

"Muyesa ndi chiyani? Tepi yanu yachitsulo ija? Imeneyo ndi yoyesera bokosi la maliro. Iwe mwana, tanditengera tepi yanga m'bokosimo."

Umo ndi mmene anatulukira panja koyamba, atagwira phewa la make Katsabola, akudandaula njira yonse. A Takhalani anati akufuna kuika mzere wa njerwa wotulukira pang'ono pakhoma, woti dzanja lizitsata kuchokera pabedi mpaka pakhonde, n'kupitirira kukafika kuchimbudzi. Anayamba kuyesa kuchokera paphewa.

"Ayi, ayi, ayi! Munaphunzira kuti ntchito inu? Yesani pachigongono. Munthu sayenda atakweza mkono ngati akulumbira kukhoti."

"Pepani, bwana."

"Ndipo musiye kampata. Chovala chothina chimang'ambika pamsoko."

Kuyambira tsiku limenelo a Telala anadzipatsa udindo wa kapitawo. Ankakhala pandowa ija pansi pa mandimu, akumvetsera fosholo, n'kumalamula.

"Simenti imeneyo yachepa madzi, ndikuimva kulira kwake."

"Inu mumasoka simenti?"

"Ndinasokera mabilidala ambiri. Onse matumba obooka."

Masana make Katsabola ankabweretsa chakudya cha awiri m'mbale zoyandikana, ndipo a Telala, potanganidwa ndi kutsutsa, ankamaliza yawo osazindikira. Iye anayambanso kuvala masilipasi, aja olira kuti phwa, phwa. Mpando anaubwezera pakati pa chipinda, mkeka pakhomo. Katsabola akalira ankamusiya alire pomwepo, mpaka agogo ake ankati, "Tabwera naye kuno, ndimve ngati ali ndi mano kapena malezala."

Chipindacho chinakwera pang'onopang'ono, ndipo sichinafanane ndi china chilichonse mumzerewo. Zenera linali laling'ono, lotsika, loloza kotulukira dzuwa, kuti munthu atakhala pansi kutentha kuzimugwera pamiyendo. Linali pafupi ndi mandimu moti ukatsegula, tsamba linkakhudza felemu. M'kati anaika siling'i ya matabwa kuti mawu asamabwerere ngati muthanki, koma pakhonde anasiya malata okha kuti mvula izimveka. Pansi sanaike matailosi. A Takhalani anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, matailosi akanyowa amagwetsa ndi openya omwe. Anathira simenti n'kuisiya yokhakhala pang'ono, ndipo patsogolo pa khomo lililonse anamiza mzere wa timiyala tosalala, timene make Katsabola anatola yekha pamulu wa mchenga n'kutitsuka m'beseni.

A Takhalani anabwera ndi mahinjesi m'thumba la jekete, akale, adzimbiri, ochokera panyumba ina imene inkagwetsedwa. Anawayesa pafupi ndi khutu la a Telala.

"Awa akuimba besi, awa sopulano. Musankhe."

"Besi ikhale ya kuchipinda. Sopulano muike kuchimbudzi, anthu azidziwa kuti muli munthu."

Tsiku lopaka pulasitala m'kati, Katsabola anazemba n'kukamenya khoma laliwisi ndi kadzanja kake, chapansi, pamene panayenera kukhala bedi. Mayi ake anachita manyazi, nayamba kupepesa. A Takhalani anali atanyamula kale chosalazira pamene a Telala anafunsa chimene chachitika. Atauzidwa anati awatengere pamalopo. Anagwada movutikira, napapasa mpaka anapeza tizala tija.

"Mukasalaza pamenepa, a bilidala, ndikusokani pakamwa."

Dalaivala anabwera masana ena, chipinda chitauma, bambo ake atagonamo kale. Anatsika m'lole ali ndi fumbi la ulendo, nazungulira chipindacho kamodzi, nkhope ikusintha. A Takhalani anali pakhonde akutsuka zida.

"Madala, ichi n'chiyani? Khola la mbuzi? Matailosi ali kuti? Njerwa izi zatulukira bwanji ngati mano a ng'ona? Nanga kazenera aka, n'kogulitsira matikiti?" Anakankha chitseko cha kuchimbudzi, chinalira mokweza. "Tamverani! Anthu adzati ndataya bambo anga m'bwinja. Mawa mubwere ndi pulasitala, musalaze zonsezi. Chitsekochi ndithira oyilo ndekha."

A Takhalani anangoyang'ana make Katsabola. Iye chikwatiwire anali asanatsutsepo mwamuna wake pamaso pa anthu. Anatsitsa mwana kumsana, natenga ndowa, naivundikira pakati pa bwalo.

"Bambo a Katsabola," anatero, "takhalani kaye apa."

A Takhalani anaphulika ndi kuseka. "Basi, ntchito yanga yapita!"

Mwina chifukwa chodabwa, mwamunayo anakhaladi. Atamubweretsera nsalu yakumaso anaikankha, koma sanadzuke. Ndiye chitseko cha besi chinalira. A Telala anatuluka okha, opanda ndodo, opanda phewa la munthu. Zala zawo zinkayenda pamzere wa njerwa ngati zikutsata mpendero wa nsalu. Phazi litapeza timiyala anaima, nakhota, natsika pakhonde, nakafika pabenchi imene a Takhalani anawakhomera pansi pa mandimu n'kukhala ngati munthu amene wakhala pamenepo chibadwire.

"Wafika?" anatero. "Ndinaimva lole yako ikadali kumsewu. Ikutsokomola, uipititse kugalaja. Ndipo usamakankhe zitseko zanga choncho."

Dalaivalayo anayang'ana bambo ake, kolala itayamba kudzazanso, nayang'ana mkazi wake.

"Koma bambo, anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Azidzagonamo ndi iwo?"

Make Katsabola anagwira mwana mwamphamvu, podziwa funso limene linatsala.

"Nanga ulendo uja, bambo? Wakumudzi uja. Ulipo?"

"Ulipo," anatero a Telala, ndipo mtima wa make Katsabola unagwa. "Upite mawa. Ukanditengere makina anga, ndi mpando wanga uja wa mwendo umodzi waufupi. Usaukonze, ndimaudziwa choncho. Ine sindingachoke, ndili ndi ntchito yoyang'anira. A bilidala, msoko wa pakona apa wapindika."

"Ndinapinditsa dala, kuti muzidziwa pokhotera."

"Onse osadziwa ntchito amatero."

Make Katsabola analowa kukhitchini n'kukaima kuseri kwa chitseko, akupukuta maso ndi nsalu ija. Ulendo uno sanabise kulira kwake, ndipo a Telala anakuwa ali panja kuti, "Ndakumva! Ukamaliza ubweretse tiyi, wotentha."

Dalaivalayo sanagonje kotheratu. Kunja kwa chipindacho anapaka yekha penti yowala, yoti odutsa aziti eee, ndipo ena amaterodi. M'kati sanakhudzemo. Makina anabwera, ali pansi pa kazenera kaja. A Telala sadulanso nsalu, koma amapinda mipendero ndi kusoka zigamba mongopapasa, make Katsabola akuwalowetsera ulusi pasingano. Kabotolo ka mafuta kanabwerera m'bokosi, ndipo ntchito yake ndi ya makina okha. Chitseko cha sopulano chimadzutsa Katsabola pafupifupi masana aliwonse, koma walira mvula walira matope. Akadzuka amathamangira kwa agogo ake, n'kukayesa dzanja lake pa kadzanja ka pakhoma kaja, kamene tsopano kayamba kumuchepera.

A Takhalani akumangabe, ndipo akuthamangitsidwabe ndi anthu achangu. Nthawi zina amadutsa mumsewu wa kwa make Katsabola, levulo ili kukhwapa. Iye akawaona amathyola mandimu n'kuwathamangira. Mawu oti awathokoze nawo amawakonza tsiku lililonse akutsuka mbale, koma akafika pamaso pawo amathawa onse, n'kungotsala manja awiri atanyamula mandimu. Iwo amalandira, n'kupendeketsa mutu kuloza kunyumbako.

"Chikulirabe?"

"Chikulira, bambo."

"Musachithire kanthu."

Ndiye mawu amamveka kuchokera pansi pa mandimu: "Ameneyo ndi bilidala wopinditsa makona uja? Muuzeni alowe, thumba la jekete lake ndikulimva kubooka ndili kuno."